Mmonke Sadya Madzulo

Apongozi anga, mai Chanta, ankauza aliyense kuti mwana wawo anamuchiritsa ndi iwo. Osati madokotala a kutauni, osati diripi ija inkamunjenjemeretsa mpaka bedi kumalira, osatinso ine amene ndinkamupukuta zonyansa. Iwowo basi. Ati tsiku limene Thawin anasiya kuyankhula, anathamangira kukachisi wa m'mudzi mwathu, anagwada, n'kulonjeza kuti mwanayo akadzuka adzameta mpala, avale mkanjo wachikasu, akhale mmonke miyezi yonse itatu ya mvula. Thawin anadzukadi. Ndiye mungawauze chiyani?

Thawin anali mwamuna wanga. Anapita ku Bangkok kukamanga nyumba zosanja, n'kubwerako ndi wailesi yakanema, njinga yamoto ndi kachilombo. Wailesiyo anapatsa amayi ake, njinga anasunga yekha, kachilombo n'kugawira ine. Koma kwa apongozi, wobweretsa matenda m'banjamo ndinali ine Saithong, munthu woti ulendo wanga wautali chibadwire ndi wa kumsika wa ku Phayao. M'mudzi munalibe wodziwa. Tinkauza anthu kuti ndi malungo a m'mapiri, chifukwa ine ndimagulitsa nthochi zokazinga ndi mpunga womata pageti pa sukulu, ndipo zikanamveka, makolo akanauza ana awo kuti azilambalala tebulo langa.

Chimene chinatsala pang'ono kumupha chaka chimenecho ndi matenda a chuku chokhala m'dothi la m'nsungwi, momwe amuna akwathu amakumba mbewa zikuluzikulu. Munthu wamphamvu sichimugwira, koma wa thupi lofooka chimamulowa m'magazi. Thupi limatentha, magazi amatha, ndipo kumaso kumatuluka totupa tokhala ndi kadzenje pakati ngati mchombo wa khanda. Ukatiwona kamodzi sungatiiwale.

Atatuluka m'chipatala anavomera kulowa m'kafukufuku. Madokotala ankafuna kudziwa kuti munthu azimwa mankhwala oletsa chukucho kubwerera kwa nthawi yaitali bwanji, podikira kuti ma ARV amubwezere mphamvu. Wotiyang'anira anali nesi Rampai, mayi wamfupi wa pakamwa pakuthwa, woti akakuyang'ana umakumbuka zolakwa za dzulo. Anaika botolo la makapisozi patebulo n'kuligogoda ndi chala.

"Awa si maswiti," anatero. "M'mawa ndi madzulo, ndipo nthawi zonse pakati pa chakudya chenicheni. Mpunga, ndiwo, mafuta. Mukamwera madzi okha sakulowa m'magazi, amangodutsa, mwadyetsa chimbudzi. Mwamva, bambo?"

"Ndamva," anatero Thawin.

"Amuna nonse mumamva. Mayi, inuyo mwamva?"

Ndinamva. Madzulo alionse ndinkamuphikira nkhumba, mphukira za nsungwi, nsomba yootcha ndi tsabola wosinja, ndipo ndinkaima pomwepo mpaka kapisozi atatsika. Masaya anabwerera. Anayambanso kukwera mitengo ya zipatso za lamyai m'munda mwathu, anayambanso kundiseka kuti ndimayenda ngati bakha. Ndinati basi, tapulumuka.

Mitambo itayamba kusonkhana, apongozi anabwera kunyumba atanyamula nsalu yachikasu pathireyi.

"Amayi," ndinatero, "mmonke sadya dzuwa likapendeka. Nanga mankhwala a madzulo azimwera chiyani?"

"Azimwera madzi. Mankhwala alibe maso owonera mpunga."

"A nesi anati popanda chakudya sagwira."

"A nesi akowo! Oyamwa magazi aja? Mwezi ndi mwezi botolo, botolo. Akupita nawo kuti magazi a mwana wanga? Akugulitsa kunja, iwe n'kumawaombera m'manja."

"Dikirani chaka cha mawa, akhale atalimba."

"Lonjezo silidikira. Ukalonjeza n'kunyenga, amene anakupatsa amalanda. Kapena ndi zomwe ukufuna, kuti afe utenge munda?"

Asa! Ndinatsala pang'ono kuwaponyera thireyiyo. Za lonjezozo zinali zoona, koma pansi pake panali china. Kwathu kuno amati mayi amakwera kumwamba atagwira mpendero wa mkanjo wa mwana wake. N'chifukwa chake mnyamata amavala mkanjo wa umonke asanakwatire, kuti dalitso lipite lonse kwa mayi, lisagawike ndi mkazi. Thawin anandikwatira asanavale. Mlandu umenewo apongozi anausunga zaka zonsezo, ndipo tsopano anali atapeza powubwezera.

Ndinatembenukira kwa mwini wake. Anali kusenda lamyai, maso pansi.

"Inu simuyankhula? Thupi ndi lanu."

"Mako ndi mako, Saithong," anatero. "Ndi miyezi itatu chabe. Mankhwala sindidumphitsa, ndalumbira."

Anamumeta tsitsi ndi nsidze zomwe. Kunali ng'oma, kunali mowa, apongozi anavina patsogolo pa mzere wonse mpaka nsapato kuduka. Pofika masana mwamuna wanga anali mmonke, ndipo ine ndinali mayi wamba woyenera kumugwadira. Kumukhudza ayi. Kumupatsa chinthu m'manja ayi, amayala kansalu pansi, iwe n'kuika pamenepo, iye n'kukoka. Munthu woti ndinkamusambitsa kumatako, tsopano ndizimutcha Olemekezeka.

Mawa lake ndinaimbira nesi Rampai. Foni inachita kunjenjemera ndi kukalipa kwake.

"Mwamulola?"

"Ine ndine ndani woti ndilole?"

"Tamverani, mayi. Alipo mankhwala omwewo amadzi, omwa ndi njala. Dokotala akhoza kumusinthira. Koma abwere yekha, timuyeze magazi, avomere ndi pakamwa pake. Kafukufuku sapereka mankhwala kudzera mwa mkazi wa munthu."

"Ndipatseni ine ndikamupatse. Mukundidziwa."

"Ndikukudziwani, koma lamulo silikukudziwani. Mubweretseni."

Ndinapita kukachisi, ndinagwada pakhonde poonekera, n'kumunong'oneza zonse. Anapukusa mutu asanamve n'komwe mapeto. Chitseko cha kafukufuku chili kumapeto kwa khonde la chipatala, ndipo aliyense amadziwa kuti olowa m'menemo akudwala chiyani. Munthu wamba amavala chipewa n'kulowa chozemba. Mmonke angazembe bwanji? Akangofika, mzere wonse umaimirira, manja pachifuwa, amamupatsa mpando wa kutsogolo, ndipo aliyense amamuyang'ana kumaso kuti adziwe wa kachisi uti.

"Mkanjowu si wanga ndekha," anatero. "Sindingaulowetse pachitseko chimenecho."

"Ndiye uvuleni."

"Mai inu, samalani pakamwa. Muli pakachisi."

Mai inu! Ine! Ndinadzuka osagwadanso kachiwiri, ndipo agogo amene ankasesa pabwalo anandiyang'ana mpaka pageti.

Ankamwadi makapisozi ake, zimenezo sindimunamizira. M'mawa ankamwera chakudya cha m'mbale yake, madzulo ankamwera madzi a m'ketulo. Ine m'mawa uliwonse ndinkagwada pamsewu pamodzi ndi amayi ena kudikira kuti adutse ndi mbale yake yakuda, ndipo ndinkamuikira zonona zokhazokha. Apongozi ankagwada chapatali ndi ine, atavala zoyera, akuwala nkhope ngati apambana mpikisano.

Mwezi wachiwiri uli mkati, ndinakweza maso poika mpunga m'mbalemo. Pamalo pomwe panali nsidze yakumanzere panali kotupa. Kakang'ono, kosafiira, kokhala ndi kadzenje pakati. Kena kanali m'mbali mwa mphuno. Supuni inandigwa m'manja.

Atangodutsa ndinawathamangira apongozi.

"Mwawona kumaso kwake?"

"Ndi lumo. Amameta pafupipafupi."

"Lumo limameta mphuno? Amayi, totupa timeneti tinkatitsuka limodzi m'chipatala. Mwaiwala?"

"Iwe ndiye uli ndi diso loipa. Tsiku ndi tsiku kumuyang'ana mmonke kumaso ngati hule. Ukumufuna pabedi, eti? Miyezi itatu yakukanika?"

Amayi ena anatembenuka. Ndinatola supuni yanga, ndipo ndinakaimbira foni kuseri kwa sitolo. Ulendo uno Rampai sanakalipe. Anangoti, "Ndikubwera."

Anabwera pa basi, atavala malaya wamba kuti anthu asadabwe, chikwama chake chili m'manja. Tinamupeza Thawin atakhala pakhonde la kanyumba kake, atafunda mkanjo mpaka m'khosi ngakhale kunali kotentha. Tisanagwade n'komwe, anatulukira malume ake, a Somkhuan, mchimwene wa apongozi. Iwowa ndi amene amasamala zinthu za pakachisi, ndipo ndi omwewo amalengeza pachimkuzamawu cha m'mudzi m'mawa uliwonse. Nkhuku ikasowa, mudzi wonse umamvera kwa iwo.

"Alendo! Khalani, khalani," anatero, akudziyalira mkeka pakati pathu. "Mmonke sayankhula ndi akazi popanda mwamuna womva zonse. Ndiye ine ndilipo. Yankhulani momasuka."

Rampai anandiyang'ana. Lamulo lake la kafukufuku limamuletsa kutchula matenda a munthu pamaso pa wina. Lamulo la Thawin limamuletsa kumvera mkazi popanda wina. Malamulo awiriwo anakhala pamkekapo, ndipo mayi uja wa pakamwa pakuthwa anasanduka mwana wa sukulu.

"Olemekezeka, muli bwanji m'thupi?" anafunsa ndi manja pachifuwa.

"Ndili bwino, mai."

"Zija tinakambirana zija... mukuzitsata monga tinanenera?"

"Sindidumphitsa."

"Ziti zimenezo?" anafunsa a Somkhuan, khutu lili tcheru.

"Za malungo aja, malume," anayankha Thawin.

"Aaa, malungo anatha kalekale. Chemwali anga analonjeza. Mai inu mwangovutika ndi basi."

Rampai ankayang'ana totupa tija, zala zake zikufinya chikwama. M'menemo munali jekeseni yotengera magazi, koma mkono wa mmonke angaugwire bwanji pamaso pa a Somkhuan, osanena chifukwa? Anapempha kuti a Somkhuan asunthe pang'ono. Anasuntha mkeka utali wa phazi limodzi n'kukhalanso.

Mtima unandikwera.

"A nesi, nenani! Mukapanda kunena, ndinena ine."

Thawin anandiyang'ana. Maso ake anali ofiira ndi kutentha kwa thupi, koma mawu anatuluka ozizira.

"Saithong, ukatsegula pakamwa, mkanjo uno ndifera nawo kuno. Kunyumba kwako sindidzapondako."

Anadzuka atagwira mzati, analowa m'kanyumbako n'kutseka chitseko. Ndikunena zoona, nthawi imeneyo ndinamuda. Ndinamuda kuposa tsiku limene ndinamva zotsatira za magazi anga.

Pokwera basi Rampai anati abweranso sabata yamawa ndi nesi wamwamuna, woti angalowe m'kanyumbako n'kutseka chitseko.

"Bwanji osabwera naye lero?"

"Tili naye mmodzi, ndipo ali kumapiri."

"Zengerezu adalinda kwawukwawu, a nesi."

"Mayi, musandiimbe mlandu ine. Munayenera kumuletsa asanamete."

Tinasiyana osatsanzikana.

Sabata yamawayo sinafike. Mkulu wa amonke athu ndi wokalamba, sayendanso, ndiye Thawin ankazungulira yekha mbali yathu ya mudzi. M'mawa umenewo mvula inali itagwa, amuna onse ali m'madimba kuwokera mpunga, pamsewu tinali akazi okhaokha. Tinamuona akubwera pang'onopang'ono, mapazi opanda nsapato akukoka matope. Anaima pamaso pa mayi woyamba, anatsegula mbale, kenako maondo anapindika. Anagwa chafufumimba. Mbale inagubuduka mpaka m'ngalande.

Panalibe amene anasuntha. Amayi onse aja anangogwada, manja pachifuwa, akukuwa. Apongozi nawo anagwada pafupi ndi mutu wake, manja ali m'mwamba osamukhudza, akufuula, "Mwamuna! Itanani mwamuna! Somkhuan!" Pamenepo n'kuti nkhope ya mwana wawo ili m'matope, akupuma madzi.

Ndinataya dengu langa, ndinamugwira m'mapewa n'kumutembenuza.

"Usamukhudze!" anakuwa apongozi. "Ukuwononga zonse!"

"Tchimo, Saithong, tchimo!" anatero wina kumbuyo.

"Tchimolo ndipatseni, ndilisenza," ndinatero. Ndinamupukuta mphuno ndi malaya anga, ndinamukweza kumsana. Mayo, kupepuka kwake! Thupi linali moto. Ndinayamba kuthamanga kulowera kumsewu waukulu, komwe magalimoto onyamula lamyai amadutsa. Mkanjo unamasuka, mbali imodzi ikukwekwereka m'matope. Ndinamva wina akuwefuka kumbuyo kwanga. Nditacheuka ndinawona apongozi akuthamanga chowerama, atanyamula mpendero wa mkanjowo ndi manja awiri kuti usadetsedwe. Anaugwira mpaka m'galimoto, anaugwira njira yonse mpaka kuchipatala.

Anamuikanso diripi ija, koma ulendo uno thupi linalibe pogwira. Impso zinakana. Apongozi anachonderera kuti amufunditse mkanjo pamwamba pa zovala za chipatala, ndipo madokotala anawalola. Tsiku lina chakumadzulo anatsegula maso. Ndinali ndi phala la mpunga lotentha, ndinamuyandikizira supuni.

"Ng'oma ya masana yalira?" anafunsa.

"Kuno si kukachisi, kulibe ng'oma. Idyani."

Anayang'ana pawindo, anawona komwe kunali dzuwa, n'kutseka pakamwa. Ndinamutukwana. Ndinamutchula mayina amene sindingabwereze pano, ndikulira, supuni ili pamlomo pake. Sanatsegule. Sanayankhulenso mpaka tsiku limene anapita.

Rampai anandipeza pakhonde ndikudikira mtembo. Anati magazi amene anatenga tsiku lofika anaonetsa kuti mankhwala aja anali ochepa kwambiri m'thupi.

"Ndiye akanamadya madzulo, bwenzi ali moyo?" ndinafunsa.

"Mayi, pa munthu mmodzi sitinganene motsimikiza. Pali zambiri."

"Magazi ake munkawatenga motsimikiza."

Ndamva kuti kuyambira pamenepo amafunsa mwamuna aliyense wolowa m'kafukufuku ngati akuganiza zovala mkanjo. Zikomo kwambiri, koma wanga ndi phulusa.

Maliro ake anali aakulu kuposa ukwati wathu. A Somkhuan analengeza pachimkuzamawu kuti mwana wa mudzi wamwalira atavala chikasu, mwayi umene ambiri saupeza. Anthu ankabwera kwa apongozi osati kudzapepesa kokha, komanso kudzawayamikira. "Odala inu, mai Chanta, wakutsogolerani njira." Iwo ankagwedeza mutu, maso ouma. Ine ankandilambalala, mkazi uja anagwira mmonke.

Thawin anali mwana wawo yekhayo. Maliro atatha, miyendo inayamba kuwavuta, ndipo panalibe kwina kopita, ndiye anabwera kudzakhala kwa ine. Tinkadya pamkeka umodzi osayankhulana. Iwo mbali yawo, ine mbali yanga, wailesi ija ikudziyankhulira yokha.

Tsiku lina madzulo ndinaphika nkhumba ndi mphukira za nsungwi. Ndinatulutsa mapilisi anga n'kumeza pakati pa chakudya monga mwa masiku onse. Nditatsitsa kapu ndinapeza akundiyang'ana, mpunga uli m'manja, osaufikitsa pakamwa.

"Saithong," anatero. Kanali koyamba kunditchula dzina chimwalirireni mwana wawo. "Makapisozi aja. Akanamadyera mpunga madzulo... akanakhala?"

Mawu a Rampai ndinali nawo pafupi. Sitinganene motsimikiza, pali zambiri. Mawu ofewa, ndipo mwina ndi oona. Ndinawayang'ana mayi wokalambayo, ndipo ndinakumbuka nkhope ija m'matope ndi manja aja ali m'mwamba.

"Inde," ndinatero. "Akanakhala."

Anabweza mpunga uja m'dengu pang'onopang'ono. Anasamba m'manja, anadzuka atagwira khoma, n'kulowa kuchipinda.

Kuyambira tsiku limenelo sadya dzuwa likapendeka. Amavala zoyera masiku onse, ndipo kukachisi amawatamanda kuti mai Chanta akusunga malamulo ngati mmonke, a Somkhuan mpaka anawatchula pachimkuzamawu. Sindinawatsutsepo. Madzulo alionse ndimaphikabe cha anthu awiri, ndimaika mbale yawo pamalo pawo, ndimakhala n'kudya yanga. Iwo amakhala pakhomo la chipinda, manja pamaondo, akundiyang'ana ndikumeza. Ndikamaliza ndimatenga mbale yawo n'kukapatsa galu.